Za Galimoto Zokwera Miyala ndi Gasi M'malo mwa Petulo

Kumadzulo kwa dziko la America, kumene kuli zipululu ndi mapiri a miyala yofiira, kuli anthu amene chikondwerero chawo ndicho kuyendetsa galimoto pamalo pamene ife tikanati palibe njira konse. Ndipo chaka ndi chaka, nyengo ya Pasaka ikayandikira, amasonkhana mazanamazana pa tauni ya Moab m'chigawo cha Utah, monga akhala akuchitira kuyambira 1967, pamene ena amalunjika ku njira yotchedwa Rubicon m'mapiri a Sierra Nevada ku California, njira ya makilomita 35 okha, koma imene imadya tsiku lathunthu kapena masiku awiri munthu asanaitulukire. Anthu awa sathamanga ayi. Amakwawa, tayala limodzi lili pamwamba pa mwala, lina likulendewera m'malere, mphuno ya galimoto italoza kumwamba, mnzawo ataima patsogolo kulozera ndi manja poti tayala lipondepo. Pakati pa anthu amenewa ndi pamene panakula chizolowezi chimene ndifuna kuti tichisinkhesinkhe lero, ndicho chochotsa thanki ya petulo m'galimoto ndi kumangirira m'malo mwake silinda ya gasi wotchedwa propane, wa mtundu womwewo ndi gasi amene ena a ife tayamba kuphikira m'matauni muno.

Nkhani yotere ikafika m'makutu a munthu amene anagonapo pa mzere wa mafuta, monga tinagonera mu 2011 ndi 2012, ndi monga tagoneranso kawirikawiri kuyambira 2022, mtima umadumpha, munthuyo nayamba kufunsa kuti nanga ife tikudikira chiyani. Ine ndinena kuti anthu a ku Moab aja anachita mwanzeru, ndipo nzeru yawo njoyenera kuilemekeza ndi kuimvetsa bwino. Koma ndinenanso kuti vuto limene iwo anali kulimbana nalo nlosiyana kutali ndi limene likutisautsa ife, kotero kuti munthu wotengera chizolowezi chawo asanafunse chimene chinawachititsa adzakumana ndi zimene anakumana nazo safunsa uja anadya phula.

Vuto lawo linali ili. Galimoto zakale za petulo, zisanadze injini za makono zimene kompyuta imazipimira mafuta, zinkadyera mu kabureta. Ndipo m'kati mwa kabureta muli kambale kakang'ono kosungira petulo, momwe mumayandama kachipangizo kopepuka kamene kamatseka njira mafuta akadzaza, ndi kuitsekula akachepa. Pamsewu wosalala zonsezi zimayenda bwino, ndipo zinatumikira anthu zaka zambiri popanda chodandaulitsa. Koma taganizani za mayi wosenza ndowa yodzaza madzi, yopanda chivundikiro, akutsika chitunda choterera: madzi amathamangira mbali imene thupi lapendekera, kwina kukhuthukira kumsana, kwina kumaso. Momwemonso galimoto ikaima chilili pa thanthwe, petulo wa m'kambale kaja amathawira mbali imodzi, injini nikomoka ndi njala, kapena amasefukira kukhosi kwa injini, naitsamwitsa. Ndipo injini ikazima pamalo otero mabuleki amalimba, chiwongolero chimauma, ndipo munthu amene anapita kukasewera amapezeka akuyang'anizana ndi imfa, galimoto ikubwerera chammbuyo kulunjika kuphompho.

Propane safuna kambale. Chibadwa chake ndi kuwira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, kuzizira kumene dziko lathu silinakuonepo, kotero kuti m'silinda amakhala wamadzimadzi chifukwa chopanikizidwa kokha, ali wofunitsitsa kutuluka. Ndipo mphamvu yomweyo ndiyo imamukankha m'payipi popanda pampu iliyonse, kufikira alowe m'kachipangizo kofunditsidwa ndi madzi otentha ochokera ku injini, m'mene amasanduka mpweya, nasakanizika ndi mphepo asanakapse. Mpweya sukhuthukira mbali imodzi. Galimoto ipendekeke kumanja, iweramire pansi, kapena iloze kumwamba, injini imalandira chakudya chake mofanana, nilirabe ndi liwu limodzimodzi. Ndipo kwa munthu amene moyo wake watsamira pa kusazima kwa injini, ichi chokha chinali chokwanira.

Chinawakopanso nchakuti zipangizo zonse zinalipo kale pamsika, zotsika mtengo ndi zoyesedwa kwa zaka zambiri, pakuti makina onyamulira katundu m'nyumba zosungiramo malonda, aja otchedwa forklift, akhala akuyendera gasi kuyambira kale, popeza utsi wake ngwocheperako ululu kwa anthu ogwira ntchito pansi pa denga. Mwini Toyota yakale ya injini ya 22R, kapena Suzuki Samurai, kapena Jeep ya mtundu wa CJ, amene analibe chuma chogulira injini ya makono pamodzi ndi mawaya ake ndi kompyuta yake, ankagula zipangizo za kampani ya Impco, nafunsira nzeru kwa amakaniko a ma forklift, namangirira kumbuyo masilinda awiri a makilogalamu 15 iliyonse. Ndipo pasanapite masiku anali ndi galimoto yosazima pa phiri, imene angathe kuikonza m'tchire ndi masipanala wamba.

Pali zokoma zinanso zimene sindingazibise, pokhala kuti woweruza wolungama amamva mbali zonse asanagamule. Petulo akakhala m'thanki miyezi yambiri amawonongeka, nasiya utomoni wotseka tinjira ta mu kabureta, pamene gasi amadikira chaka ndi chaka osasintha. Makaniko amene asolola kachitsulo kopimira oyilo pa injini ya gasi amapeza oyiloyo akadali wowala, wosada, ngakhale galimoto yayenda ulendo wautali, ndipo akamasula mapulagi sapeza mwaye. Gasi ameneyu amapirira kupanikizidwa kuposa petulo, pakuti nambala yake ya octane imapitirira 100, kotero kuti injini sigogoda ikamakoka katundu wolemera. Galimoto ikagubuduzika satayikira pansi kukaipitsa mtsinje. Ndipo wantchito wosakhulupirika sangamupope ndi kapayipi usiku. Komanso si chinthu chadzana ichi ayi. Katswiri wa ku America, Walter Snelling, anamuzindikira gasi ameneyu mu 1910 pofufuza mpweya umene unkathawa mu petulo. Pofika 1941 kampani ya Minneapolis-Moline inali kugulitsa mathirakitala oyendera gasi, ndipo ya John Deere inatsatira m'zaka za m'ma 1950. Lero ku Turkey kuli galimoto zoposa 4 miliyoni zoyendera gasi, ndi ku Poland zoposa 3 miliyoni. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mitundu ya anthu yochuluka chotere sikanaumirira chinthu chopanda pake kwa mibadwo itatu.

Koma walira mvula walira matope. Lita imodzi ya propane ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mphamvu ya lita ya petulo, kotero kuti ulendo umene ukanatha malita 30 a petulo ufuna malita oyandikira 40 a gasi; ndipo malita amenewo sakhala m'chigubu chopepuka chimene munthu angachipanikize pangodya iliyonse, koma m'chitsulo chochindikala, chozungulira ndi cholemera, chimene sichiloledwa kudzazidwa kupitirira magawo 80 pa 100. Popeza kwathu kuno gasi timagula pa sikelo, chiwerengero chimene wowerenga ayenera kusunga ndi ichi: kilogalamu imodzi ya gasi imagwira ntchito ya malita 1.4 a petulo, kotero kuti silinda ya forklift ija, ndi kukula kwake konse, imangofanana ndi malita 21, ndiko kuti chigubu chimodzi chachikulu ndi pang'ono pamwamba. Aliyense angathe kutenga mitengo imene bungwe la MERA lalengeza, nawerengera yekha ngati pali phindu, asanakhulupirire mawu okoma a wogulitsa zipangizo.

Mphamvu ya injini nayo imatsikako, chifukwa gasi polowa ali mpweya amalanda malo amene mphepo ikanalowa, ndipo pamalo okwera ngati ku Nyika, kumene mphepo njopepuka kale, dalaivala amakumva kutsikako m'phazi lake. Chobisika chili pa mavavu: petulo polowa amawaziziritsa, pamene gasi ngwouma, ndipo m'injini zakale zimene pokhalira mavavu pake sipanalimbitsidwe, mavavuwo amadya pokhala pawo pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene injini iyamba kuphonya ndi kufooka, mwini wake osadziwa kuti zinayamba liti. Nthawi imene mapulagi amathetheka moto iyeneranso kusinthidwa, pakuti gasi sapsa monga apsera petulo. Zonsezi zimatheka kukonzedwa, koma ndi mmisiri amene anaziphunzira ndipo ali ndi zida zake.

Tsono tifike pa phata la nkhani. Wokwera miyala wa ku America kawirikawiri sayendetsa galimoto yakeyo kuchokera kunyumba. Amaikweza pa ngolo, naikoka ndi galimoto ina kufikira pamene njira yoipa iyambira, ndipo tsiku lonse amayenda makilomita owerengeka, madzulo nabwerera ku msasa kumene masilinda ena odzaza akumuyembekeza. Ndiponso amakhala m'dziko limene limatulutsa propane wochuluka kotero kuti limagulitsa kunja koposa dziko lina lililonse pansi pano. Galimoto yake ndi ya chisangalalo. Yathu si yotero. Galimoto imene imasiya msewu wa tala kwathu kuno imanyamula mayi woyembekezera amene matenda amuyamba pakati pa usiku wa mvula, imanyamula feteleza, chimanga, mapepala a mayeso ndi maliro; imapita kumene dalaivala sadziwa ngati mlatho ukadalipo, ndipo ulendo umene unayesedwa waufupi umatalika kawiri kapena katatu chifukwa mtsinje wadzaza ndipo nkofunika kuzungulira. Petulo akatha pamalo otero, mnyamata wa kabaza amatumidwa ndi kachigubu ku malo a malonda apafupi, nabwera nawo mafuta, ulendo nupitirira. Gasi sathiridwa m'chigubu, sapemphedwa kwa galimoto yodutsa, sagulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo mafuta a munthu wa paulendo ndi okhawo amene angathe kumupeza pamene galimoto yamufera, ngakhale ena akhale oyera ndi otsika mtengo chotani kutauni kumene wachokera.

Wina adzati, sungani zonse ziwiri, petulo ndi gasi, ndi kabatani kosinthira, monga achitira a ku Poland ndi ku Turkey. Nzoona kuti pa galimoto za makono njira imeneyi imayenda bwino ndithu. Koma galimoto za makono zilibe kambale kaja. Pampu imakankha petulo mwamphamvu kufikira pakamwa pa injini, ndipo sizizima pa phiri, kotero kuti vuto limene a ku Moab ankalithawa palibenso, ndipo chotsala ndi nkhani ya mtengo wokha. Pa galimoto yakale, kusunga zonse ziwiri ndiko kusunganso kabureta, ndi kukonza injini mwa pakatikati, kuti isakhutire kwenikweni ndi petulo kapena ndi gasi.

Ndipo mtengo ndiwo chinthu chosakhulupirika koposa zonse, monga dziko la Australia lingatichitire umboni. Kumeneko kuli zipululu zazikulu ndi anthu okonda Land Cruiser ndi Nissan Patrol monga ife, ndipo ambiri a iwo anasandutsa galimoto zawo za petulo, zimene zinkamwa mafuta mopanda chifundo, kuti ziziyendera gasi. Mu 2006 boma lawo linayamba kupereka madola 2,000 a kwawoko kwa munthu wosandutsa galimoto yake, ndipo anthu anathamangirako. Kampani ya Ford inkapanga ngakhale galimoto za Falcon zoyendera gasi yekha. Koma mu 2011 boma linaika msonkho pa gasi wa galimoto, mu 2014 thandizo lija linatha, mu 2016 ndi 2017 mafakitale a Ford ndi Holden anatsekedwa, ndipo eni malo omwetsera mafuta, poona kuti ogula akuchepa, anayamba kuzula mapampu a gasi imodziimodzi, kufikira munthu amene anataya ndalama zake kuika thanki anayamba kufunsa za pampu yotsatira asananyamuke pakhomo. Gasi anali yemweyo ndipo injini zinali zomwezo. Chimene chinatembenuka ndi cholembera cha anthu olemba misonkho. Ngati izi zinachitika m'dziko lolemera limene limakumba gasi pansi pa nthaka yake, nanga munthu wa kuno angatsamire pa chiyani?

Pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zimene sizifuna mawu ambiri. Galimoto zochuluka zimene zimayenda njira zoipa m'dziko muno, za boma, za zipatala ndi za mabungwe, nza dizilo. Ndipo injini ya dizilo ilibe mapulagi, imayatsa mafuta ndi kupanikiza kokha, kotero kuti propane, amene ulemu wake ndiwo kukana kuyaka popanikizidwa, sangaiyendetse payekha. Chachiwiri, gasi amene timaphikira sachokera pansi pa nthaka yathu: amabwera pamsewu, kudutsa zipata zomwezo za m'malire, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene kusowa kwake ndiko kumatigoneka pa mzere. Wosamuka ku petulo kunka ku gasi wasintha mzere woimapo, koma gwero la njala nlimodzi. Ngati tifuna mafuta a ife eni, ali ku Dwangwa, kumene kuyambira 1982 takhala tikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndiponso ku Chikwawa. Amenewo amalimidwa ndi manja athu, amasakanizika ndi petulo, ndipo amathiridwa m'chigubu.

Koma chimene chimandilemera mumtima koposa ndi cha kukhitchini. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo amene anaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowa mumzinda mbandakucha kuchokera ku Dzalanyama, nkhalango imene muli gwero la mtsinje wa Lilongwe womwetsa likulu lonse, safuna kuuzidwa kumene tikulowera. Ndondomeko ya boma yokhudza makala, ya zaka za 2017 mpaka 2027, inatchula gasi kukhala imodzi mwa njira zopulumutsira mitengo yathu, ndipo mabanja a m'tauni ayamba kumuzolowera pang'onopang'ono, atagonjetsa mantha ndi kusonkhanitsa ndalama za silinda yoyamba. Tsono werengerani nane. Silinda ya makilogalamu 9, imene imaphikira banja milungu ingapo, imafanana ndi malita 13 a petulo. Galimoto yaikulu ya petulo, yoyenda makilomita 5 kapena 6 pa lita, idzaimaliza isanafike pa Dedza kuchokera ku Lilongwe. Moto umene ukanaphikira ana nsima kwa milungu udzatha m'ola limodzi la pamsewu. Ndipo tsiku limene gasi adzachepa, monga achepera nthawi zina, mwini galimoto ndi mayi wa m'khitchini adzaima pa sikelo imodzi, ndipo tonse tidziwa amene thumba lake nlakuya; mayiyo adzabwerera kwawo ndi silinda yopanda kanthu, nadzapukuta mbaula yake yakale, ndipo mtengo wina udzagwa ku Dzalanyama. Pamene gasi wolowa m'dziko ali wochepa chotere, ine ndinena kuti poto ayambe wapatsidwa, galimoto idikire.

Ndiyenera kunenanso mosapsatira za chiyeso chimene chingafikire amakaniko athu, anthu aluso amene amadzutsa injini zimene kwina zikanatayidwa kudzala, ndicho chiyeso chotenga silinda ya kukhitchini, payipi yake ya mphira ndi zingwe zomangira, ndi kuziika kumbuyo kwa mpando. Musatero, abale anga. Silinda yophikira inapangidwa kuti iime chilili pamalo amodzi, nizitulutsa mpweya wa pamwamba pang'onopang'ono monga mwa kufuna kwa poto. Koma injini imameza kochuluka kwambiri kuposa poto, ndipo gasi akamawira mofulumira chotero amayamwa kutentha kwa chitsulo chimene chamusunga. Mudzaona chitsulocho chikuyamba thukuta, kenaka chisanu choyera chikuchikuta chakunsi, ngakhale dzuwa la Okutobala lili pamutu. Ndipo popeza gasi wophikira wa kuchigawo chino kawirikawiri ngwosakaniza ndi butane, amene amaleka kuwira pafupi ndi ziro, mphamvu idzatha, injini nifooka pakati pa chitunda, pamalo pomwepo pamene munkafuna kuti ikupulumutseni. Silinda ikagwa chammbali pa bampu, gasi wamadzimadzi amalowa m'njira imene inakonzedwera mpweya wokha, ndipo lita imodzi ya madzi amenewo imasanduka malita 270 a mpweya. Mpweya umenewo sukwera kumwamba monga utsi. Ngwolemera kuposa mphepo, kotero umatsika, nukhazikika pansi pa mipando, m'buti, ndi m'dzenje la m'galaja momwe makaniko amaima pokonza kunsi kwa galimoto. Ndipo magawo awiri okha pa 100 a mphepo akwanira kuti ndudu imodzi, kapena kuthetheka kwa waya wa batire, kuuyatse. Fungo limene timalimva gasi akamatuluka si lachibadwa chake, analiika dala opanga kuti litichenjeze, ndipo munthu wogona m'galimoto usiku salimva.

Thanki yeniyeni ya galimoto njosiyana ndi zimenezi monga momwe ntchito yake ilili yosiyana. Imamangidwa ndi mabawuti ku chitsulo cha galimoto. Ili ndi chotsekera chimene chimadzitseka chokha injini ikazima, china chimene chimadzitseka payipi ikaduka, china chopumira kunja kwa galimoto kutentha kukachuluka, ndi china choletsa kudzaza kupitirira magawo 80 aja, pakuti gasi wamadzimadzi amafufuma akatenthedwa, ndipo thanki yodzaza mpaka pakamwa m'mawa wozizira ilibe pothawira dzuwa likakwera. Yokonzedwa chotero, thanki ya gasi njolimba kuposa ya petulo, ndipo sindiiopa. Chimene ndimaopa ndi malonda a mseri amene amamera paliponse pamene pali ogula koma palibe lamulo. Usiku wa pa 1 Febuluwale 2024, ku Embakasi mumzinda wa Nairobi, lole yonyamula gasi inaphulika pamalo odzazira masilinda amene boma linali litawakaniza chilolezo, pakati penipeni pa nyumba za anthu. Moto unapha anthu, nuvulaza ena oposa 200. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikumva wina akundidzudzula kuti chinthu chilichonse chatsopano chimayamba popanda malo ogulira, ndi kuti akanakhala amantha chotere amene anabweretsa galimoto yoyamba ku Zomba, bwenzi tikuyendabe pa machila. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo sindiwapeputsa. Koma taonani kumene gasi wa galimoto anakhazikika: ku Tokyo, ku Seoul ndi ku Hong Kong anazika mizu mu matekisi, galimoto zoyenda makilomita ambiri tsiku lililonse popanda kutalikirana ndi pampu, ndipo kuchokera m'mizinda ndi pamene mapampu amafalikira kunja. Ngati tsiku lidzafika lakuti gasi wachuluka m'dziko muno, wokwanira poto ndi kutsalako, oyamba kumulandira akhale ma Sienta ndi maminibasi a petulo ozungulira pakati pa Limbe ndi Blantyre, pansi pa diso la boma. Galimoto ya kutchire, imene imapita kutali koposa ndi thandizo, ndiyo iyenera kukhala yotsiriza.

Malo alipo, ngakhale lero, amene nzeru ya ku Moab ingagwire ntchito monga ilili. Esiteti ya tiyi m'mapiri a Thyolo kapena Mulanje, malo ogona alendo m'nkhalango yosungira nyama, kapena mishoni imene ili ndi Land Rover yakale ya petulo yokwera zitunda zomwezo tsiku ndi tsiku ndi kugona pakhomo usiku uliwonse, ngati ili kale ndi gasi wogula mochuluka ndi mmisiri wodziwa ntchito, ingathe kuika zipangizo zenizeni nipindula nazo, ndipo injini yake idzakhalitsa. Kwa otere sindikuletsa kanthu. Chimene ndipempha nchakuti lamulo litsogole chizolowezi chisanafike: a MERA anene poyera amene angadzaze thanki ya galimoto ndi kumene angadzazire, a Malawi Bureau of Standards akhazikitse muyezo wa thanki, mapayipi ndi zotsekera, kuti zotayidwa kwina zisapeze msika kuno, a TEVETA aphunzitse anyamata ndi atsikana ntchito imeneyi ndi kuwapatsa satifiketi imene mwini galimoto angaifunse asanapereke makiyi, ndipo woyeza galimoto pa nthawi ya COF aphunzitsidwe kugwada pansi, kuwerenga tsiku lodindidwa pa thanki, ndi kupaka thovu la sopo pa mfundo iliyonse ya payipi asanasaine pepala.